Ndinkadontheza makapusozi m'mphuno mwa Tiwonge

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kuno ku Thazima, pageti lolowera ku Nyika, komwe bambo a kunyumba amagwira ntchito yolondera nyama. Ndikufuna ndikuuzeni za chibayo chimene chinatsala pang'ono kundilanda mwana wanga Tiwonge. Ndikulemba ndi manyazi, chifukwa pa nkhaniyi dzanja langa lilipo.

Ine matenda ndimawaopa, ndipo nthawi ya kolona inandisiya ndi misala ya ukhondo. Titamva kuti matendawo amalowera m'mphuno, ndinati basi, khomo limenelo nditseka ndekha. Ndinkagula makapusozi pa okala, kusungunula ufa wake m'madzi, n'kumadontheza m'mphuno mwa mwana m'mawa uliwonse. Kolona anatha, ine osasiya. Kuno kumazizira, ndiye akangoyetsemula, kapusozi wina ndinkamumwetsa. Bambo ake ankandiseka kuti ndasanduka dokotala wa pageti. Ine m'malo momva ndinkanyada, mpaka kuphunzitsako amayi anzanga a kumpingo.

Nyengo ina yozizira Tiwonge anadwala chimfine chimene sichinamve za makapusozi anga. Thupi linatentha, chifuwa chinakula, kenako anayamba kupuma mothamanga, nthiti zikulowa mkati. Bambo ake anali kutchire, foni yosagwira. Ndinamubereka n'kukaima pamsewu, ndipo pemphero langa linali mawu omwewomwewo: Ambuye, musamutenge. Kunatulukira galimoto yotsika ku Nyika itatula alendo. Dalaivala wake, yemwe dzina sindimudziwa mpaka lero, anangoyang'ana mwanayo n'kutsegula chitseko, ulendo wa kuchipatala ku Boma.

Atamuika pa mpweya, adokotala anafunsa mankhwala amene anamwapo. Ndinati panado yekha. Inde abale, ndinanama mwana wanga ali wefuwefu pabedi, kuopa kukalipiridwa. Jakisoni woyamba sanagwire. Ndinkapemphera, koma bodzalo silinandipatse mtendere, mpaka ndinawatsatira adokotala pakhonde n'kuulula zonse.

Sanandikalipire. "Yewo chomene, mama, tsopano tadziwa jakisoni womusinthira," anatero. "Koma m'mphuno si mopanda eni ake. Muli tizilombo tabwino tokhalamo kuyambira ukhanda. Timadzaza malo kuti toipa tisowe pokhala, komanso timadzutsa chitetezo cha m'thupi kuti chikhale tcheru. Makapusozi sasankha. Amapha ndi tabwino tomwe, n'kusiya touma mutu tosamva mankhwala."

Ndinafunsa ngati ndine ndinadwalitsa mwanayo. Anati chibayo chimagwira ana ambiri ndipo sangalumbire, koma kuti ndinamuchotsera ena mwa alonda ake. Ine mkazi wa mlonda, kumathamangitsa alonda amene Mulungu anaika yekha! Ndinakhala pansi pakhondepo.

Ambuye sanandibwezere monga mwa zochita zanga. Jakisoni wachiwiri anagwira, kupuma kunayamba kukhazikika, ndipo anamuchotsa pa mpweya. M'mawa umene anapempha phala, atatha kudya anagona chagada n'kukweza chibwano monga ankachitira kunyumba.

"Amama, lero simundithira mankhwala?"

Ndinalira mpaka amayi a bedi loyandikana nalo anaganiza kuti kwagwa zovuta. Mwanayo ankandikhulupirira ndi mtima wonse.

Titatuluka ndinayenda khomo ndi khomo kwa amayi aja kukabweza zimene ndinawaphunzitsa. Mmodzi sanandiyankhe moni kwa nthawi ndithu, ndipo sindimuda.

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha dalaivala uja, adokotala aja, ndi moyo wa Tiwonge. Inu amene muli pa mayeso, musaleke kupemphera, ndipo kuchipatala nenani zoona ngakhale zikuchititseni manyazi. Mankhwala amene simunalemberedwe asiyeni. Ine mantha sanathe. Tiwonge akachita chimfine manja amandiyabwabe, koma ndimangomupukuta mamina, kumufunditsa, n'kukhala pambali pake kumvetsera mmene akupumira.