Injini Inali Yozima

Abale ndi alongo, ambiri a inu mumandidziwa. Ndine Labisoni, mkamwini wa m'mudzi muno, woyendetsa lole. Koma Labisoni amene ndikufuna kukuuzani lero simukumudziwa. Ine ndemwe ndikamukumbukira, malovu amandiwawa m'kamwa.

Galimoto ndinaphunzira ku usilikali. Nditabwerako ndinalembedwa ntchito ndi mmwenye wina wa sitolo, kumanyamula fodya ndi mtedza kuchokera kuno ku Nsaru kupita ku Lilongwe. Madalaivala tinali owerengeka, ndipo mutu unandikula. Ndikakhala pachiwongolero, woyenda pansi sanali munthu kwa ine. Ndinkawaliza hutala amayi osenza mitolo ya nkhuni kuti ndiwaone akudumphira m'ngalande. Ndinkaseka mpaka misozi. Asa! Bambo wa ana atatu, kumaseka zoterozo.

Ndinalinso ndi kachizolowezi kena kamene tinkaphunzitsana madalaivala. Ukafika pamatsitso umazimitsa injini, lole n'kumatsetsereka yokha. Petulo wotsalayo ndinkamupopa m'kachitini, n'kukasinthanitsa ndi kachasu. Ndinkadziona wochenjera kwabasi. Sindinaganizepo kuti lole yozima injini imabwera ngati njoka m'udzu.

Nonse mukuwadziwa a Filipo Banda, amene amatiyambitsira nyimbo muno. Anasiya kuona ali mwana. Koma masiku amenewo ankayenda okha kulikonse, ndodo m'manja. Ankapita kumsika kukagulitsa malichero awo, ankabwera kuno kutchalitchi, popanda wowagwira dzanja. Galimoto ankaimva idakali kutali, n'kupatuka, n'kuima mpaka fumbi litatha. Makutu ndiwo anali maso awo.

Linali Lachiwiri, mwezi wozizira, dzuwa lili paliwombo. Ndinali nditamwa kale. Lole inali yodzaza mabelo a fodya, yolemera, yosagwedera n'komwe. Nditafika pamatsitso a kamtsinje kathu kaja ndinazimitsa injini monga mwa masiku onse. Mphepo ya mwera inkawomba kuchokera kutsogolo. Ine maso anali pa ndudu imene ndinkayatsa.

Podzutsa mutu, ndinaona munthu ali pakati pa msewu, akuwoloka mwachifatse, lichero kukhwapa. Ndinaponda mabuleki, koma katundu anandikankha. Ndinamva kugunda. Lichero linagubuduka kulowera kumadzi.

Tsopano mverani, chifukwa apa ndi pamene pali nyansi yeniyeni. Munthu ali gone m'fumbi, akubuula. Ine sindinathamangire kwa iye. Ndinayamba ndatenga chitsulo chopukusira, n'kukaliza injini. Inde, ndinayamba ndaliza injini! Italira, m'pamene ndinapita kukaona amene ndamugunda. Anali a Filipo. Anthu pothamanga kuchokera kumadimba anapeza lole ikulira, ine nditagwira m'mutu.

“Ndaliza hutala kuyambira pamtunda paja,” ndinawauza. “Sanamve. Kaya makutu awo ayamba kufa.”

Palibe amene anatsutsa. Mawu a dalaivala wovala yunifolomu ya khaki, ndani akanawakana? Tinawakweza pamabelo a fodya, ndipo ndinawatengera kuchipatala cha mishoni ku Namitete. Mwendo unali utathyoka pawiri.

Patapita mlungu, mlongo wawo, a Nabanda, amene amakhala nawo, anabwera kwathu. Ndinati basi, zaululika. Koma ayi. Anagwada pakhomo, tambala m'manja.

“Bambo, zikomo,” anatero. “Wina akanathawa. Inu munawanyamula achimwene ngati m'bale wanu.”

Abale, ndinamulandira tambalayo. Mkazi wanga anaphika. Ndinadya, ndinatafuna mafupa, ndinanyambita zala. Galu wakuba mazira ali ndi manyazi kuposa mmene ndinaliri ine tsiku limenelo.

Miyezi inapita. Ndinasiya kuzimitsa injini pamalo paja pokha, kwina konse ndinkachitabe. Mowa ndinauwonjeza, kuti ndisamamve kugunda kuja m'mutu. Mkazi wanga ankandiuza kuti kutchalitchi nyimbo zikuyamba mokhotakhota, poti a Filipo sakubweranso. Ine ndinkangoti, “Nanga zikundikhudza chiyani?”

Tsiku lina m'chilimwe lole inatentha pafupi ndi nyumba yawo. Ndinayang'ana uku ndi uku, nyumba ina panalibe. Ndinatenga chitini, n'kupita kukapempha madzi. Ndinawapeza a Filipo atakhala pakhonde, ataonda, mwendo uli tambalale. Ndisanatsegule pakamwa, anayamba ndi iwo.

“A Labisoni, fikani. Ndakumvani mudakali kutsidya. Injini yanu ikutsokomola masiku ano, eti?”

Ndinafunsa za mwendo.

“Mwendo wapola, ngakhale wafupika,” anatero. “Chovuta si mwendo. Ndi makutuwa. Lero andiuza kuti mukubwera, koma tsiku lija anandinamiza. Lole yathunthu, hutala akulira, ine osamva kanthu! Ndingawakhulupirirenso bwanji? A Nabanda anandibisira ndodo, ndipo sindiwadandaula. Ndimangomufunsa Mulungu kuti, maso munatenga, sindinalankhule. Nanga makutu ndinakulakwirani chiyani?”

Kenaka anafunafuna dzanja langa, n'kuligwira.

“Pepani, bambo. Ndinakuvutitsani pantchito yanu.”

Munthu amene ndinamuthyola mwendo, kupepesa kwa ine! Dzanja langa linali m'dzanja lake, likununkha petulo wakuba. Ndinatenga madziwo, ndinapita kuseri kwa lole, ndipo ndinasanza. Sunali mowa. Ndinanyansidwa ndi ine mwini.

Apo m'pamene ndinaona chimene ndinachita. Mwendo ndinauthyola ndi lole. Koma ndi lilime langali ndinamutsekera munthu m'nyumba. Ndinamulanda njira, msika, nyimbo. Ndinamuyambanitsa ndi Mulungu wake. Ndipo ndinadyerapo nkhuku.

Musaganize kuti ndinalapa pomwepo. Ndinathira madzi, n'kuyendetsa kupita ku Lilongwe. Milungu itatu ndinayenda nacho chinthuchi pamtima. Ndikaulula, ntchito itha. Mwina apolisi anditenga. Anthu amene ankandivulira chipewa adzandilavulira. Chakudya chinasiya kutsika. Tambala aliyense akalira m'mudzi, ndinkakumbukira uja ndinadya.

M'mawa wina ndinaima pamwamba pa matsitso aja. Dzanja linapita lokha kukazimitsa injini, monga linazolowera. Ndinaliyang'ana dzanjalo, ndipo ndinalira ngati mwana. Ndinatsika, ndinagwada m'fumbi pambali pa tayala. Kupemphera sindinkadziwa. Ndinangoti, “Ambuye Yesu, ndanunkha. Ngati mumasambitsa anthu otere, ndisambitseni.” Sindinamve mawu ochokera kumwamba. Ndinangodziwa kumene miyendo yanga iyenera kupita.

Ndinawapeza onse awiri pakhomo, a Nabanda akusenda chinangwa. Anandiyalira mkeka, ndinakana. Ndinakhala pansi, padothi.

“A Filipo, ndinanama. Tsiku lija hutala sindinalize. Injini inali yozima. Ndinaizimitsa ndine pamtunda, kuti ndibe petulo wogulira kachasu. Ndinailiza mutagwa kale.”

A Nabanda anaponya mpeni pansi.

“Iwe! Ndiye ine ndinakugwadira? Tambala wanga yekhayo ndinapereka kwa mfiti?” Analavula pambali pa phazi langa. Anandinena zambiri, ndipo panalibe liwu limodzi lonama.

A Filipo anapendeketsa mutu, monga amachitira akamamvetsera.

“Bwerezani,” anatero. “Injini inali bwanji?”

“Inali yozima, bambo.”

“Kuyambira pamtunda?”

“Kuyambira pamtunda.”

Anagwira makutu awo ndi manja onse awiri. Ndinkadikira temberero, ndipo ndikanalilandira.

“Ndiye kuti makutuwa sananditaye,” anatero motsitsa. Kenaka mokweza: “Nabanda! Sananditaye! Kanditengereni ndodo yanga!”

Za kundikhululukira sananene tsiku limenelo. Zinatenga nthawi, ndipo sindinayenere kuwafulumizitsa. Ndinapita kukaulula kwa bwana wanga, ntchito inatha pomwepo. Ndinakaululanso kupolisi, anandilanda chiphaso kwa kanthawi. Chaka chonse ndinagwira khasu, ndikulimanso munda wa a Nabanda, amene kwa miyezi sanandiyankhe moni. Koma Lamulungu lotsatira tsiku limene ndinaulula kwa a Filipo, amene munalipo munaona. A Filipo anatulukira pamsewu okha, akutsimphina, ndodo ikugogoda pansi.

Mwendo wawo sudzawongoka. Ndikawaona akuyenda, ndimaona ntchito ya manja anga, ndipo nseru ija imabweranso. Yesu anandikhululukira, koma sanandichotsere chikumbumtima, ndipo ndikuthokoza kuti sanatero.

Lero ndikuyendetsanso lole, ya munthu wina. Kachasu ndinasiya. Injini sindizimitsa, ngakhale petulo atatsala kadontho. Ndikaona munthu kutsogolo ndimachepetsa liwiro adakali kutali, chifukwa sindidziwa ngati akuona, ngati akumva, ngati mwana amene wamugwira dzanja sangamupulumuke. Iye ali ndi mnofu ndi mafupa basi. Chitsulo chili ndi ine. Wosamala ndiyenera kukhala ine.

Alemekezeke Ambuye amene sananyansidwe nane pamene ine ndinanyansidwa ndi ine mwini. Anatola chinthu chonunkha m'fumbi la pamsewu, n'kuchitcha mwana wake.

M'bale wanga, mlongo wanga, mwina sunagwirepo chiwongolero. Koma kodi palibe munthu amene wakhala pakhonde lero, akudziimba mlandu pa chinthu chimene unachita ndiwe? Kodi palibe nkhuku imene unadya? Usadikire milungu itatu ngati ine. Bwera kwa Yesu lero, ndipo ukatuluka muno upite kukagogoda pakhomo limenelo.

Ine ndathera pomwepa. A Filipo, tiyambitsireni nyimbo. Makutu anu ndi abwino kuposa athu tonse.