Bambo anga anaiwala Chingerezi

Moni nonse amene mukumvera. Mtima wanga uli m'mwamba, ndiye ndati ndikuuzeni za bambo anga.

Bambo anakulira pa famu ku Zimbabwe, koma akhala kuno ku London zaka zambiri. Atayamba kudwala matenda oiwalaiwala, Chingerezi chonse chinawathawa, n'kutsala ndi Chichewa cha amayi awo. Poti ine ndimagwira ntchito ku Wembley, ndinawapititsa kunyumba yosamalirako okalamba ku Croydon.

Tsiku lina nditapita kukawaona, ndinapeza kwabwera aphungu a nyumba ya malamulo amene akufufuza mmene okalamba akusamalidwira. Bambo anagwira dzanja phungu wina wamkazi n'kumuuza kuti, "Mayi, nsapatozi zikundithina. Chonde ndivuleni."

Wosamalira wina anafotokoza kuti mkuluyu amangolankhula zosamveka tsiku lililonse. Ine ndinamasulira mawuwo, ndipo titawavula tinapeza zala zili zilonda zokhazokha. Phunguyo anandifunsa kuti, "Akhala akupempha zimenezi kuyambira liti?"

Osamalirawo sindikuwada, ndi ochepa ndipo amatopa. Aphungu analonjeza kukaikamba nkhaniyi kunyumba ya malamulo, koma mpaka lero tikudikirabe. Zilonda zinapola, koma ndikakhala pantchito ndimangodzifunsa kuti, kodi panopa bambo akupempha chiyani?

Ndinatuma mwana wanga wamkazi kuti aziwachezera ine ndikatanganidwa. Anabwerako akulira.

"Amama, agogo amandiuza chinachake mobwerezabwereza," anatero m'Chingerezi, "koma inenso sindinamve."