Mayi Jenifa Amiri, amene ndinawathowa miyezi isanu ndi iwiri

Amene tikuwaperekeza lerowa ndi mayi Jenifa Amiri, obadwa m'chaka cha 1986 kuno ku Chia. Ine ndine azakhali awo. Munandizolowera pa nthabwala, koma lero mundipirire.

Sukulu analekezera sitandade 8, kundiposa ine ndi makalasi asanu ndi limodzi. Mu 2006 anakwatiwa ndi bambo Stefano a ku Benga. Ankagulitsa chambo pamsewu, ndipo wobwera kudzanenerera mtengo ankachoka atanyamula nsomba ziwiri m'malo mwa imodzi. Ku mpingo wa Anglican anali a Umodzi wa Amayi.

Matenda anayamba mu 2022, akuyamwitsa Frazer, mwana wawo womaliza. Anabwera kwa ine n'kundigwiritsa kachotupa konga mtedza kubere lakumanzere. Ine ndinaseka. Ndinati ndi mkaka wagwirana, mwinanso bambo Stefano akulimbirana ndi mwana. Malemuwa anaseka nawo, ulendo wa kuchipatala n'kuthera pomwepo. Miyezi isanu ndi iwiri ndinkawathowa ndi kansalu koviika m'madzi otentha, monga timachitira kuno. Amayi ambiri muli panonu munkandiona, munkandiyamikira kuti ndili ndi manja abwino.

Titaona kuti chotupacho sichikutha, tinapita kuchipatala ku Lilongwe, komwe adokotala anati ndi khansa ya m'mawere, yafika kale m'khwapa ndi m'mafupa a msana. Ndinawafunsa kuti chotupa chopanda miyendo chayenda bwanji. Anandiuza kuti tizidutswa topanga thupi lathu timavala timaunyolo ta shuga kunja kwake, osati shuga wa mu tiyi ayi. Tizidutswa ta khansa timasintha timaunyoloti, n'kumaterera ngati mlamba m'manja, kuchoka pamalo pake, chitetezo cha m'thupi osatizindikira. Masiku onse amene ine ndinkawiritsa madzi, matendawa anali paulendo.

Analandira mankhwala mpaka tsitsi linatha. Atisiya Lachiwiri lapitali ali ndi zaka 38. Sanandidzudzulepo ngakhale tsiku limodzi. Anangondilamula kuti pamaliro awo ndidzanene ndekha zimenezi, ang'ono awo ndi ana awo aakazi akumva. Ndanena. Kansalu kaja ndakatentha m'mawa uno, ndipo wobwera kwa ine ndi chotupa adzandipeza nditavala nsapato, tipite kuchipatala.

Asiya amuna awo, ana aakazi awiri ndi wamwamuna mmodzi, ang'ono awo atatu, mayi awo owabereka, ndi ine azakhali awo amene ndinaseka.

Ululu watha, Jenifa mwana wa mchimwene wanga. Apumule mu mtendere.