Makumi Anayi Oyamba Kumwa Mankhwala a Khate ku Michesi

Olemekezeka Bwana Disi a boma lathu la Mulanje, olemekezeka a Dokotala wamkulu amene mwatiyendera kuchokera kutali, olemekezeka mafumu a ku Kaduya, a ku Jenala ndi a kuno kunsi kwa Michesi, ansembe ndi masisitere, abusa ndi mashehe, aphunzitsi anzanga, amayi ndi abambo amene mwadzaza bwalo lino mpaka ena kukwera pachulu, ndikupatsani moni nonse, ndipo ndikuthokozani kuti mwasiya nandolo wanu m'munda nyengo yokolola ino kudzaona nyumba yoyezeramo matenda imene tamanga m'chaka chino cha 1957.

Ine Cornelius Mukhuna mwandikhazika lero pampando wapatsogolo, pamene zaka khumi zapitazo mpando umene ndakhalapo unkatsukidwa ndi phulusa ndikangonyamuka. Sindikunena izi modandaula. Ndikuzinena kuti mudziwe kukula kwa ntchito ya anthu amene ndabwera kudzawatamanda.

Mu 1946 ndinali mphunzitsi. Tsiku lina ndikusamba, mkazi wanga anaona banga lotuwa pamsana panga. Anatenga munga nandibaya pabangapo, ine n'kumangopitiriza kulankhula za mvula, osamva kanthu. Nditacheuka ndinapeza akulira. Sukulu ndinaisiya ndekha asanandiuze, ndinamanga kanyumba kumapeto kwa munda wanga wa chinangwa, ndipo ndinakhala kumeneko zaka zisanu ndi chimodzi ndi mbale yangayanga, ndikuwamva ana anga akuseka patali.

Mu 1952 kunabwera munthu pa njinga, a Eneya Nampuntha, wothandiza dokotala, amene akhala apowa ndi chipewa chawo pamaondo. Anandigwira chanza asananene dzina lawo. Anafotokoza kuti kwabwera mapiritsi atsopano a khate amene akuthandiza kumaiko ena, koma palibe amene akudziwa bwino mmene angayendere m'matupi a anthu a kuno: mlingo wake, nthawi yake, ndi zoopsa zake. Ankafuna anthu makumi anayi olola kumwa ndi kumayezedwa kwa zaka. Nditawafunsa ngati ndichira, anandiyankha kuti, "Kuchira sindikulonjezani, aphunzitsi. Chimene ndikulonjezani n'chakuti zonse zimene ndidzaone ndidzakuuzani."

Tinakwana makumi anayi, ndipo tinkakumana Lachiwiri lililonse pansi pa mtengo wa mango uwo. Kamodzi pamwezi a Eneya ankatitsinzinitsa, n'kumatikhudza ndi thonje kuti tinene pamene tamva, kenaka ankacheka pang'ono pakhutu ndi kupaka pakagalasi, kukawerenga tizilombo pa makina oonera zinthu zing'onozing'ono. Munthu mmodzi, makutu makumi asanu ndi atatu, ndipo sanasokonezepo khutu la wina ndi la mnzake.

M'mwezi wachitatu zinthu zinavuta. Anthu asanu ndi awiri anadwala kwambiri, thupi kutentha, maso kuchita chikasu, mpweya kuperewera. Mmodzi wa iwo, a Tobias Mulepa a ku Kaduya, mmisiri woluka mphasa ngakhale anali ndi zala zisanu ndi ziwiri zokha, anamwalira. Mbiri inayenda m'midzi kuti pansi pa mango pali anamapopa, kuti timagazi ta pakhutu tija tikupita kwa azungu. Lachiwiri lotsatira kunabwera anthu asanu ndi mmodzi okha. Ndiulule pamaso pa mafumu kuti ine, munthu wa sukulu, sindinali m'gulu la asanu ndi mmodziwo. Ndinabisala m'chinangwa.

A Eneya anaimitsa mankhwala tsiku lomwe a Tobias anamwalira. Anapita kumaliro a Tobias ngakhale anachenjezedwa kuti akagendwa, ndipo anakumba nawo manda pamodzi ndi adzukulu. Atatero anayamba kuyendera ife otsala khomo ndi khomo kwa masabata atatu, kwina akuwatsekera chitseko, kwina akuwatukwana m'Chilomwe chimene amachimva bwinobwino. Aliyense wowalola ankamutsitsa chikope kuona mkati mwa diso, n'kumupempha chimbudzi chokayeza. Kwanga anandipeza ndikupalira, ndipo sanandifunse chifukwa chimene ndinathawira.

Chimene anapeza ndi ichi: onse asanu ndi awiri amene anadwala aja anali ochepa magazi kale asanayambe kumwa, chifukwa cha njoka zam'mimba ndi malungo, pamene amagazi okwanira mapiritsi sanawavute. Anakwera njinga kukauza dokotala woyang'anira ntchitoyo kuti njira isinthe. Ndinamva kuti anakambirana kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo ndikulemekeza dokotalayo, chifukwa anamvetsera munthu wa pansi pake, nayang'ana yekha pa makina, navomera.

Kenaka a Eneya anatiitana tonse, pamodzi ndi mayi Lily, mkazi wa malemu Tobias. Anaima opanda chipewa nanena kuti, "Tinayamba ndi mlingo waukulu, ndipo tinayamba tisanayang'ane magazi anu. Tikanayang'ana, a Tobias bwenzi ali moyo. Dzanja limene linawapatsa mapiritsiwo ndi langali." Anafotokoza kuti amene afuna kubwerera adzayamba wachotsedwa njoka ndi kuwonjezera magazi, kenaka adzayamba ndi theka la piritsi, ndipo amene safuna palibe womukakamiza.

Amene anayamba kulankhula ndi mayi Jalia, wogulitsa matemba pamsika, mmodzi wa odwala kwambiri aja, amene anali asanayambe n'kuyenda bwino komwe. Iwo anati, "Ine ndazungulira asing'anga asanu, ndipo mankhwala akakanika aliyense ankati wolakwa ndine. Uyu ndi woyamba kunena kuti walakwa ndi iye. Ndipatseni theka lanulo." Ndikuona amayi kumbuyoko mukugwedeza mitu, chifukwa mukuwadziwa mayi Jalia kuti salankhula kawiri. Tsiku limenelo tinabwerera anthu makumi atatu ndi mmodzi.

Olemekezeka, sindikongoletsa zotsatira zake, popeza a Eneya angandidzudzule. Patatha zaka zisanu, makumi awiri ndi awiri mwa ife makutu athu sakuonetsanso tizilombo. Ena akadali nato, ndipo akupitiriza kumwa. Zala zimene zinaduka sizinamere, ndipo amene anachedwa kubwera ndiwo anataya zambiri. Ine ndinabwerera m'kalasi chaka chatha. Mwana wamkazi wa mayi Jalia, amene amuna ankamulambalala chifukwa cha matenda a mayi ake, anakwatiwa mwezi wa June, ndipo mpunga wa paukwatiwo anaphika ndi mayi Jalia omwe, anthu n'kudya mpaka kupempha wina.

Mafunso sanathe, n'chifukwa chake tamanga nyumbayi. Sitikudziwa chifukwa chimene m'nyumba imodzi mwana wina amatenga khate wina osatenga. Sitikudziwa kuti chifuwa chachikulu chimene abale athu akubwera nacho kuchokera kumigodi chafika makomo angati, kapena kuti ana angati a m'madambo akukodza magazi makolo n'kumayesa kukula. Mayankho ake sadzachokera kunja okha. Adzachokera kwa anthu olola kuyezedwa, ndi kwa oyeza onena zoona.

Ndikuthokoza boma ndi amishoni chifukwa cha malata ndi zipangizo, mafumu chifukwa cha malo, ndi midzi yonse imene inaumba njerwa. Koma koposa ndikuthokoza mayi Lily Mulepa, amene anali ndi chifukwa chodana ndi malo ano, koma anatunga madzi oumbira njerwazo kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza. Mayi, musaimirire; tiimirira ndife.

Mawu anga otsiriza apite kwa inu amene mwabisa banga pansi pa malaya ndipo mwaima kumbuyo kwenikweni. Lachiwiri likubwerali ine ndidzakhala woyamba pamzere pakhomo apo, chifukwa kuyezedwa kwanga sikunathe. Ngati mukuchita manyazi, mudzangoima pambuyo panga. Oona adzayesa mwabwera kudzafunsa za mwana wanu kusukulu.

Ndi mawu amenewa, m'dzina la makumi anayi aja, amoyo ndi amene anatsogola, ndikulengeza kuti nyumba yoyezeramo matenda ya kuno ku Michesi yatsegulidwa kuyambira lero.

Zikomo kwambiri.