Ndinafika Poopa Singano Yanga Yolukira

Ambuye alemekezeke, abale ndi alongo! Ndati alemekezeke! Ameni.

Moni kwa abusa, moni kwa akulu a mpingo, moni kwa amayi anzanga, ndi inu mwakhala pansi pa mtengo panjapo chifukwa cha kutenthaku. Ambiri mumangonditchula kuti mayi a madoyilo. Dzina langa ndine Malita. Kuno kwa Maseya ndine wobwera. Kwathu ndi ku Makhanga, pakati pa Ruo ndi Shire. Nkhaniyi sindinaikambepo pagulu, ndiye mundipirire.

Amuna anga anali a Zuze. Tinali ndi dimba, tinali ndi mbuzi, tinali ndi mwana mmodzi, Joana. Sitinali olemera, koma sitinkagona ndi njala. Ine ntchito yanga inali kuluka ndi singano ija ya kangowe kumapeto. Ulusi woonda wa thonje ndinkalukira madoyilo a pamipando ndi patebulo. Wulu wofewa ndinkasungira za makanda. Ndikafuna chinthu cholimba, ndinkamasula ulusi wa matumba a saka, chifukwa umene uja suduka, suwola. A Zuze ankandiseka. Ankati, "Nyumba ino chilichonse chavala. Wailesi yavala, botolo lavala. Mawa mudzaveka nkhuku!" Koma iwo omwewo anandipempha kachikwama ka foni kovala m'khosi. Ndinawalukira ndi ulusi wa saka, wofiira ndi wabuluu. Pakona imodzi ndinalakwitsa, kanapindika. Ndinati ndimasule. Iwo anati, "Kasiyeni, ndi kanga."

Chaka chimenecho Joana anabwera kudzadikirira kwathu. Inali mimba yoyamba, ya miyezi isanu ndi iwiri. Mwamuna wake anali kuntchito kuminda ya nzimbe. Ine ndinali kuluka sholo yachikasu ya mwana, yaikulu, yotsala pang'ono kutha.

Mvula inagwa masiku angapo osakata. Ife a ku Makhanga madzi timawadziwa. Amabwera, amafika m'mawondo, amabwerera. Mmawa wa tsiku limenelo a Zuze anati, "Ndikamasule mbuzi kukhola kumunsiku. Ikani madzi a tiyi, ndikubwera."

Ndikubwera! Mawu omaliza amenewo, abale.

Madzi a tiyi asanawire, ndinamva mkokomo ngati lole yaikulu. Koma kwathu kulibe msewu wa lole. Kenaka kukuwa: "Madzi! Madzi! Thawani!" Nditasuzumira panja, ndinaona madzi akuda, otalika ngati khoma, akubwera ndi mabango ndi madenga a anthu. Ndinagwira Joana dzanja. Dzanja linalo linangotola chimene chinali pafupi. Sindinatole ufa. Sindinatole bulangete. Ndinatola jumbo ya sholo ija. Mutu sunkagwira.

Kuseri kwa nyumba kunali mtengo wa mango. Ndinamukankha Joana ndi phewa, ndi mutu, mpaka anafika pamphanda. Ine pokwera madzi anali atandifika m'chiuno, akundikoka miyendo ngati munthu. Titakhala pamenepo tinaona nyumba yathu ikugwada, kenaka inangosungunuka. Tinaona mbuzi zikudutsa miyendo ili m'mwamba. Tinaona munthu akudutsa atakweza dzanja limodzi. Ndinakuwa, "A Zuze! A Zuze!" Mawu anga ine ndemwe sindinkawamva.

Dzuwa litafika pamutu, ngakhale silinkaoneka, Joana anati, "Amayi, manja alema. Ndikuona chizungulire. Ndikugwa."

Ndinati, "Sugwa!"

"Amayi, ndikugwa."

Ndinatulutsa sholo ija. Ndinamuzunguliza m'khwapa, ndinazunguliza thunthu, ndinamanga mfundo zitatu, ndikukoka ndi mano. Ndipo nditakweza maso, abale inu, panthambi ya pamwamba pa mutu wa Joana panali njoka. Nayonso inathawa madzi. Yakuda, yonenepa ngati mkono wangawu. Ikundiyang'ana. Ndinanong'oneza, "Joana, usayang'ane kumwamba. Yang'ana ine."

Pemphero lonse linandithawa. Mavesi onse amene ndinaloweza anandithawa. Linatsala dzina limodzi. Yesu. Yesu. Yesu. Pansi madzi, pamwamba njoka, pakati mwana wanga ndi mimba yake. Yesu!

Chakumadzulo kunabwera abambo awiri ndi mwadiya, bwato lija losema. Mfundo zanga zinali zitanyowa, zinakana kumasuka. Mmodzi anatulutsa mpeni n'kudula sholo. Inatsala pamtengo pomwepo. Njokayo sinasunthe mpaka tinachoka.

Anatipititsa kusukulu ina kumtunda. M'kalasi imodzi tinadzazamo ngati nsomba m'dengu. Aliyense wolowa pakhomo ndinkadzuka. Mwina ndi a Zuze. Si iwo. Mwina ndi a Zuze. Si iwo.

Patapita masiku, madzi ataphwa, anabwera abambo ena. "Kodi mai a kwa Zuze ndi ati? Tapeza munthu m'mabango. Tiyeni mukaone."

Sindikufuna kunena zimene ndinaona, muli ana muno. Nkhope panalibe yoti n'kuzindikira. Malaya panalibe. Ndinali pafupi kunena kuti si iwo. Kenaka bambo wina anakweza kanthu ndi kamtengo, kodzaza matope, kali m'khosi mwa malemuwo. Anathirapo madzi. Kofiira ndi kabuluu. Kopindika pakona.

Ulusi wa saka suwola, abale. Munthu anatha, koma ulusi wanga unali bwinobwino ngati ndaluka dzulo.

Tinawaika tsiku lomwelo. Ndipo kuyambira pamenepo mantha analowa mwa ine ngati munthu wolowa m'nyumba ya eni n'kutseka chitseko. Mvula ikangoti tho tho pamalata a sukulu, ndinkadzambatuka kuthawa, osadziwa kopita. Wina akamathira madzi mumtsuko, ndinkatseka makutu. Amayi ena ankanong'onezana kuti mutu wazungulira. Mwina unazunguliradi. Chifukwa mumtima mwanga munayamba mawu. Mawuwo ankati: Malita, manja akowa ali ndi tsoka. Unalukira mwamuna wako, wapita ndi madzi. Unalukira mwana wosabadwa, sholo yatsala pamadzi. Aliyense amene umulukire, ndiye kuti wamulukira nsalu ya m'manda.

Ndinakhulupirira! Ine, mkhristu wa ubatizo, ndinakhulupirira. Ndikaona munthu wavala juzi, ndinkayang'ana kumbali. Manja ndinkawabisa m'khwapa. Ngakhale mimba ya Joana ndinasiya kuigwira.

Ndiye matenda a Joana anayamba nthawi isanakwane. Anamunyamula kupita kukachipatala kapafupi. Anabereka kamtsikana. Kamwana, abale, kangati botolo la fanta. Khungu loonekera mitsempha. Kulira kwake ngati kamwana ka mphaka. Kunja kunali kamphepo konyowa kaja kobwera mvula ikagwa masiku ambiri.

Anamwino anandiitana. Anati, "Agogo, mwanayu mdani wake ndi kuzizira. Akhale pachifuwa pa mayi ake, khungu kukhungu. Koma mutu ndi mapazi zifunika kufunda. Tizisoti tinali nato tatha, obereka achuluka. Chitenje chimavuka. Mwana wanu akuti mumaluka."

Ndinati, "Ndinasiya."

Joana anandiyang'ana ali chigonere. "Amayi, chonde."

Ndinatuluka. Ndinathawa, abale! Ndinakakhala kuseri kwa chipatala. Ndikaluka, afa. Ndikapanda kuluka, afa. Ndinalira kuti, Mulungu, bwanji simunanditenge pamtengo paja?

Kumeneko anandipeza mai Fatima. Awa anali mayi wa mphasa yoyandikana ndi yanga kusukulu kuja, wochokera tsidya la ku Mozambiki, ndipo ndiwo anatiperekeza kuchipatala. Iwo madzi anawatengera ana awiri, ndipo sanawapeze n'komwe. Sanali munthu wonyengerera. Anamva zonse ali pakhomo, n'kuchoka. Pobwera anali ndi sipoko ya njinga ndi juzi yakale yobiriwira, ya m'zovala zimene anthu achifundo anatigawira. Anakhala pansi. Anapinda nsonga ya sipoko ndi mwala, n'kuyamba kuinola pasimenti. Kwee, kwee, kwee. Kenaka anamasula juzi ija, akukulunga ulusi padzanja.

Anandilozetsa singanoyo. Anati m'Chisena, "Phata." Gwira.

Ndinati, "Mai Fatima, simukudziwa. Manja angawa amapha."

Ndinawauza zonse. Za kachikwama, za sholo, za mawu aja. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka anafunsa, "Joana pamtengo paja chinamugwira n'chiyani?"

Ndinabisa manja m'khwapa.

"Ndikufunsa. Chinamugwira n'chiyani?"

Ndinati, "Sholo."

"Analuka ndani?"

Ndinayamba kulira.

Anati, "Amuna ako anafa ndi madzi, sanafe ndi ulusi. Ulusiwo unakuthandiza kuwaika m'manda ngati munthu. Iwe uli ndi manda oti ukalirepo. Ine anga ali kuti? Ndikanawalukira kanthu, mwina bwenzi wina atawazindikira." Anapukuta nkhope ndi chitenje, n'kundikankhira singano m'dzanja. "Leka kugopa, usaope. Phata. Mwana akuzizira."

Ndinagwira. Koma musaganize kuti mantha anachoka pomwepo, ayi. Tcheni choyambira kuluka chinandipulumuka katatu. Ine amene ndinkaluka ndikucheza, osayang'ana n'komwe! Ulusi wa juzi yakale umakhala wopotanapotana, ndipo sipoko inali kukanda chala mpaka magazi. Mai Fatima anagwira mpira wa ulusi, akundimasulira pang'onopang'ono. Ine ndikakoka kamodzi, Yesu. Ndikakokanso, Yesu. Mawu aja akuti siya, ukumupha. Ine, Yesu. Mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu. Dzuwa lisanapendeke kachisoti kanatha, kakang'ono koti n'kuveka ndimu. Ndinalukanso timasokosi tiwiri, tosalingana.

Kuveka ndinalephera. Ndinapatsa anamwino. Iwo anati, "Ayi, agogo, vekani nokha." Ndinatseka maso, n'kuika kachisoti pamutu paja. Mutuwo unali wozizira ngati mwala wa kumtsinje.

Masiku atatu otsatira sindinadye. Ndinkangoyang'ana kachifuwa kaja. Kakwera. Katsika. Kakachedwa pang'ono, mtima wanga unkaima. Ndinkadikira imfa, abale, ndinkaidikira ngati mlendo amene wanena kale kuti akubwera. Tsiku lachinayi m'mawa Joana anakuwa, "Amayi!" Ndinati basi, zachitika. Ndinakwawa kukafika pabedi.

Joana anali kuseka. "Amayi, akuyamwa! Taonani, akuyamwa yekha!"

Aleluya! Ndati aleluya! Ndinagwira kamutu kaja mkati mwa chisoti. Kofunda! Kofunda, abale anga!

Sabata yomweyo anamwino anandibweretsera majuzi ena awiri. Anati, "Tili ndi makanda ena anayi." Ndinaluka. Wina wa makandawo anamwalira, sindikubisirani, ndipo mawu aja anabweranso mwamphamvu. Koma anamwino anandigwira paphewa, anati, "Uyu anabadwa ndi vuto la mtima, agogo. Atatuwa akufuna masokosi." Ndinatolanso singano.

Dzina la mwana anatcha ndi mai Fatima. Anamutcha Takhuta. Ndikudziwa kuti ena kuno mumaseka, mumati wakhuta chiyani mwanayu. M'Chisena ndiye kuti zikomo. Mai Fatima anabwerera kwawo tsidya lija msasa wathu wa kusukulu uja utatsekedwa. Foni analibe. Sindidziwa ngati ali moyo. Mukamapemphera muziwatchula.

Ine achimwene anga anandiitana kuno kwa Maseya, anandipatsa malo pamtunda. Joana ndi mwamuna wake ali pafupi. Lero ndimaluka madoyilo, zoyala patebulo, zikwama za saka, ngakhale mphasa za pakhomo za majumbo odula. Amayi a kumakomboni a kuminda ya nzimbe amandigula. Ndimadya, ndimavala, nyumba yanga ili ndi chitseko. Lachinayi lililonse amayi ena amabwera kudzaphunzira, ndipo wulu ukatsala timalukira makanda obadwa masiku asanakwane.

Sindinama pamaso pa Mulungu kuti mantha anatheratu. Kumtsinje sindinapitebe. Manda a amuna anga sindinakawaonenso, chifukwa n'kofunika kukwera bwato. Mitambo ikada kum'mawa, ndimathamangira m'nyumba.

Koma Lachiwiri lapitali, mukukumbukira, kunagwa mvula yoyamba masana. Takhuta, amene tsopano akuthamanga, anavula diresi n'kutulukira pabwalo. Mtima wanga unati, mugwire! Mutsekere m'nyumba! Ndinaimirira. Ndinafika pakhomo. Ndinagwira mphuthu ya chitseko ndi manja awiri. Mwana akuvina, akutsegula kukamwa kuti amwe mvula, akukuwa, "Agogo, bwerani!"

Sindinapite. Koma sindinamuletse, ndipo sindinathawe. Ndinaima pomwepo mpaka mvula inakata.

Kwa inu n'zochepa. Kwa ine ndi Mulungu ameneyo. Ndikumuthokoza, ndipo ndikuthokoza inu pondimvetsera. Dzinja layamba, abale, musandiiwale m'mapemphero. Dzina la Yesu likwezeke. Ameni.