Tinaika maliro mwana wanga ali m'ndege

Aulutsi, ndine mayi wa ku Kandeu, ku Ntcheu. Amuna anga atamwalira Lachiwiri, ndinaimbira mwana wathu wamkazi, namwino ku London. Ndinali nditauza kale abale kuti timudikire, poti ndege siichedwa. Ndinkayesa ndi pafupi ngati ku Joni.

Iye akulira anati, "Amayi, kuchoka kuno kufika ku Lilongwe ndi usiku wonse ndi usana, kusinthanso ndege panjira. Malo ndapeza a Lachinayi."

Sindinkadziwa kuti mwana wanga amakhala kutali chotere. Unali mwezi wotentha, thupi silikanadikira. Tinaika Lachinayi lomwelo. Anafika Lachisanu madzulo, n'kukagwada pamanda atafukata jekete limene anawagulira bambo ake, asanalivalepo n'kamodzi komwe.