Makilomita 2,500 ndi Mamita Makumi Awiri

Olemekezeka a Wapampando wa komiti ya mlatho, mayi Debora Chimpeni, mafumu athu, abusa ndi akulu ampingo, mabwana ochokera ku boma, amayi a Chigwirizano, ndi inu nonse amene mapewa anu akudziwa kulemera kwa miyala ya mlatho uwu, ndakulonjerani.

Ine ndine Luckness, mwana wa malemu a Abrahamu a tsidya ilo. Ndimagwira ntchito pa bwalo la ndege ku Addis Ababa, ndipo ntchito yanga ndi kuwerengera kutalika kwa ulendo ndi nthawi imene ndege itenge. Kuchoka kumeneko kudzatera ku Lumbadzi ndi makilomita oposa 2,500, koma maola anayi sakwana.

Zaka zisanu zapitazo, m'mwezi wa Febuluwale, achimwene anga a Yosefe anandiimbira foni kuti bambo atisiya. Ndinati, "Mundidikire, mawa masana ndafika." Masamu anga anali olondola. Ndege inatera pa nthawi yake, galimoto inakwera mapiri a Dowa bwinobwino, ndipo dzuwa litapendeka ndinali nditaima pompano. Mtsinje wa Katope unali utadzaza mpaka m'minda.

Adzukulu anali atakumba kale, ndipo mukudziwa kuti kwathu kuno manda okumba sagona apululu. Anadikira mpaka dzuwa linafiira. Kenako a Yosefe anafika pagombe, nafuula kuti, "Achemwali, tikhululukireni, tikuika!" Nyimbo ya amayi ndinaimvera tsidya lino, chikwama chili m'manja. Ndinadutsa mayiko osaona vuto, koma mamita makumi awiri anandikaniza kuponya dothi pa bokosi la bambo anga. Tchuthi changa chinatha madzi asanaphwe, ndinabwerera osawoloka, ndipo kumandako sindinapondeko. Mpaka lero zimandiwawa, ndipo sindibisa.

Titapempha mlatho, tinauzidwa kuti kumapiri kuno sikudutsa magalimoto okwanira. Adutsa bwanji popanda podutsa? Ena mwa amene anatiyankha chonchi ndikuwaona pa mipando yakutsogoloyi. Musawerame mabwana, sinditchula maina, ndipo fanta mumwa nawo. Koma mukabwerera mukanene zimene mwaona: amayi anasenza mchenga, abambo anaswa miyala, chigumula chinakokolola chipilala choyamba, ndipo anthu omwewa anayambiranso. Ife si anthu oiwalika, ndipo sitidzapepesa kwa munthu chifukwa chobadwira m'mapiri.

Mayi Chimpeni, mwakonza zoti ine ndiyambe kuwoloka pagalimoto. Pepani, ndikana. Ndiwoloka wapansi, pakuti m'mpango uwu muli dothi limene ndinatapa pagombe lino tsiku lija, ndipo lakhala nane ku Addis Ababa zaka zisanu. Achimwene, tsogolani, mukandionetse pamene munawagoneka bambo.

Tsono mwa ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti mlatho wa Katope watsegulidwa, chilimwe ndi dzinja lomwe.

Zikomo kwambiri.